Valuvula ya alamu anga a Abílio

Cuamba, mwezi wa Novembala

Achemwali anga a Balbina,

Ndayamba ndi moni. Kodi muli bwanji kumeneko ku Mitande? Mwendo uja unkakuvutani nthawi ya sadaka, kutupa kunaphwa? Ine kuno ndilipo, kungoti maso ayamba kuchita chifunga, ndipo dzuwa la Cuamba chaka chino lanyanya. Kalatayi akundilembera mayi Deolinda, eni nyumba imene ndikukhalayi. Ine ndikuyankhula, iwo akulemba. Ndikanaimba foni, koma foni ya kwanuko ndi yobwereka, ndipo nkhani iyi si ya pabwalo.

Ampu ya malemu alamu anga a Abílio, chokuzira mawu a gitala chija, inafika bwino. Woyendetsa chapa, minibasi ya kwanuko ija, anaikhazika pampando wakutsogolo ngati munthu, n'kundilipiritsanso ngati munthu. Munandituma kuti ndiigulitse kuti mupeze malata mvula isanagwe. Sindinaiwale. Tsono mvetserani bwino mmene zayendera, ndifotokoza pang'onopang'ono.

Lachiwiri masana ndinaikweza panjinga kupita nayo kwa a Nilton, amene amakonza mawailesi kuseri kwa msika. Ndinaitana anthu awiri. Woyamba ndi a Benedito. Mukuwakumbukira, aja ankaimba gitala pambali pa amuna anu m'gulu loimba la anthu a njanji. Mano anawathera mkamwa koma zala zikadalipo. Wachiwiri ndi a Dércio, bambo wa ana anayi, amene ali ndi gulu loimba m'maukwati kuno mpaka ku Entre Lagos. Iwowa ndiwo ofuna kugula.

Tinailumikiza kumagetsi, koma kunali zii. A Dércio anafulumira kunena kuti tawaitanira maliro. A Benedito anaseka, nati ampu yamtunduwu ili ngati ife okalamba, siyankha moni thupi lisanatenthe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinadekha. Kanyali kofiira kanayaka, mkati munayamba kufunda, koma mawu ayi.

Pamenepo a Nilton anamasula kumbuyo. Mkatimo muli timabotolo tagalasi timene timayaka ngati makala, amatitchula kuti valuvula. Malo ake ndi asanu, koma tinapezamo zinayi. Imene ikusowa ndi yaikulu, ndipo a Nilton akuti ndi imene imagawira zinzake mphamvu. Anafufuza m'bokosi lawo la zakufa n'kupeza ina yotopa, yochokera m'ampu ya kutchalitchi imene inapsa kale. Ataiika, chinthu chija chinatsokomola, kenako chinayankhula.

Achemwali, ndinakhala pansi. Zaka zonsezi ndinali nditaiwala kuti chimalira bwanji.

A Dércio ndiwo anayamba kuimba, mothamanga monga aimbira a masiku ano. Atasiya anagwedeza mutu. Anati mawu ake ndi a munthu wa chimfine, pansi pake pakumveka njuchi, ndipo kulemera kwake ndi thumba la chimanga. Anati za ku Nampula zatsopano umanyamula ndi dzanja limodzi ndipo sizifuna kupembedzedwa kuti zidzuke. Mtengo umene anatchula ndi wa malata anayi basi.

A Benedito sanatsutse msanga. Anapempha gitala, napukuta zala pa buluku, n'kukhudza nsambo imodzi yokha. Anatiuza kuti timvere kumchira kwa liwulo, mmene likuchedwera kuzima, ngati munthu wotsanzika amene sakufuna kupita. Anati zatsopanozo zimakuwa ngati oitanira chapa, koma iyi imacheza. Anatinso zimene tikumvazi ndi theka chabe, chifukwa valuvula yobwerekayo ilibe mpweya.

A Dércio anawaseka, amvekere agogo akugulitsa unyamata wawo, osati ampu. A Benedito anabweza kuti munthu woimba ngati akuthamangitsidwa ndi agalu sangamve kanthu. Tonse tinaseka, ngakhale amayi ogulitsa tomato amene anaima pakhomo. Koma nditayang'ana ndinaona a Dércio atenganso gitala ija. Ulendo uno anaimba mofatsa, khutu atalipendeketsa ku ampu.

Pomaliza ananena chilungamo. Anati akumva kuti muli chinachake, koma iwo ali ndi ana, sangagule ndi nthano. Ikayankhula ndi valuvula yabwino monga akunenera a Benedito, adzapereka zokwanira denga lonse ndi misomali yomwe. Adikira mpaka Loweruka la sabata yamawa. Likadutsa akwera sitima kukagula yatsopano ku Nampula. A Nilton akuti valuvula yotere kuno kulibe, ndipo kuitanitsa kutali ingafike chimanga chitamera.

Tikumanga ampu panjinga, a Benedito anadzimenya pachipumi. Anati akumbukira. Dansi ikatha, a Abílio ankadikira ampu izizire, n'kuzula valuvula yomweyo, kuikulunga m'sokosi n'kuiika m'thumba la jekete, kuti wina asabwereke ampu iwo kulibe. Ankati bokosilo ndi nyumba, kabotoloko ndiye kiyi. Akuti ngakhale iwo a Benedito, mnzawo wa kalekale, sanaloledwepo kukagwira.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna muyese kundimvetsa, chifukwa mawu ake akundilemera. Ndikukankha njinga kubwerera kunyumba ndinakumbukira tsiku la sadaka, pamene munatsegula sutikesi kuti tigawane zovala za malemu. Pansi penipeni panali sokosi imodzi yomanga mfundo. Munaitola msanga n'kuibisa m'chiuno mwa chitenje. Ndinaona, koma sindinafunse, ndipo lero sindikufunsa kuti munkadziwa kapena ayi. Munthu amene wakhala ndi mnzake zaka makumi anayi ali ndi ufulu wosunga kanthu kamodzi.

Koma denga lija ndinaliona ndi maso anga. Udzu wa kuchipinda unawola, ndipo chaka chatha munagona mutakhala tsonga ndi beseni pamiyendo. Zimenezo alamu anga sakanazilola.

Pempho langa ndi limodzi. Ngati mtima ukulola, kabotoloko kabwere kuno Loweruka lisanafike. Musakachotse m'sokosi, musakatsukenso ndi madzi. Mukaike m'chitini, mozungulira mutsendere thonje. Ngati mtima ukukana, mundiuze mosachita manyazi. Ndidzalandira za malata anayi, tifolere pamene pali bedi, kwinako ndidzabwera ndekha kudzamweta udzu ngakhale msana ukudandaula. Sindidzakunenani kwa aliyense.

Koma ndikadakhala inu, sindikadakapatsa wa chapa. Ndikadabwera nako ndekha. Msewu tsopano ndi wabwino, ndipo mayi Deolinda akuti mphasa ilipo, alemba okha mawu amenewa ndisanawapemphe. A Nilton avomera kuti adzakusonyezani bowo lake, mukalowetse ndi dzanja lanu. A Benedito adzaimba nyimbo imodzi mwa zija za amuna anu, a Dércio asananyamule ampuyo. Inu simunaimvepo ampuyi chichokereni ku Cuamba, pakuti kwanuko magetsi sanafike. Muimve kamodzi, kenako ipite kukavinitsa ana a eni ake m'maukwati.

Mundiperekere moni kwa azakhali a ku Itepela ngati wina akupita kumeneko, kwa mwana wanu Lina ndi amuna ake, ndi adzukulu onse. A Benedito akuti moni wambiri, akuti akadali ndi mangawa a nkhuku ija munawaphera chaka cha ukwati wanu.

Ndidzakhala ndikuyang'ana pamalo oimira chapa Lachinayi ndi Lachisanu la sabata yamawa.

Ndine mlongo wanu,
Raimundo