Wa ku labu ndinamuphunzitsa, kabotolo ndinakataya

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo ndikulandira mankhwala a khansa ya m'mawere. Adokotala anandiuziratu kuti chitetezo cha m'thupi mwanga chatsika. Kwa kanthawi tsopano m'mimba mukundipota, ndimatsekula mwa apo ndi apo, ndipo m'matako mumatuluka timizere tofiira toyabwa, lero apa mawa apo.

Anamwino ndinangowauza za kutsekulako. Anandipatsa kabotolo koti ndiikemo chimbudzi ndikapereke ku labu, ati mwina ndi njoka za m'mimba. Pawindo la labu ndinapeza bambo wandevu amene ndinamuphunzitsa ali mwana. Anafuula, anthu onse a pabenchi akumva: "Madamu anga! Si inu munkatiyendera zikhadabo, rula ili m'manja? Mwatitengera chiyani lero?" Ine ndinati, "Ndimangodutsa, mwanangu." Kabotolo ndinakataya m'bini panja.

Ndinagula mapiritsi a njoka, omwe aja amamwa ana kusukulu, koma palibe chasintha. Sabata yamawa ndikukalandira diripi ina ya mankhwala a khansa. Ngakhale amuna anga sindinawauze. Mayi wamkulu ngati ine, wophunzitsa ana kusamba m'manja, njoka? Ndiwonjezere mapiritsi?

E.T.N.

Mayi E.T.N.,

Musawonjezere. Njoka za m'mimba zili mitundumitundu, ndipo mapiritsi munagulawo sagonjetsa zonse. Pali tinjoka tina tating'ono kwambiri tolowera pakhungu munthu akaponda dothi opanda nsapato. Timatha kukhala m'thupi zaka zambiri mwakachetechete, choncho si nkhani ya uve wanu ayi. Sindingakuyezeni m'nyuzipepala, koma timizere toyendayenda mwabisato ndi chizindikiro chimene adokotala akufunika kuchimva kuposa zonse.

Choopsa nachi. Chitetezo chikatsika, makamaka ndi mankhwala ena operekedwa pamodzi ndi diripi ya khansa, tinjokato tingaswane mosaletseka n'kufika m'mapapo ndi m'magazi. Pamenepo anthu amafa. Tikapezeka msanga, mankhwala ake alipo ndipo amathandiza.

Pitani kuchipatala mawa, osadikira tsiku la diripi. Auzeni adokotala zonse: timizere, mapiritsi, ndi kabotolo mudatayako. Pemphani kena. Kakulungeni m'pepala, ndipo ngati windo lija likukulemerani, anamwino kapena amuna anu akaperekeko. Inde, auzeni bambowo. Akupirira nanu khansa, njoka sizingawathamangitse. Wophunzira wanuyo amalandira timabotolo totere tsiku lonse, ndipo ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi. Akuchipatala akakuuzani kuti mubweretsenso chimbudzi china musadabwe, tizilomboti sitionekera nthawi zonse poyeza koyamba.

Pakadali pano valani nsapato pabwalo ndi kudimba, imwani madzi owiritsa, ndipo musasiye mankhwala alionse mwa nokha. Thupi likatentha, mukayamba kusanza, kutsokomola kapena kubanika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Chenjezo langa ndi ili, mayi: musakapereke mkono wanu ku diripi ija adokotala asanamve zimene mwandiuza ine.

Aphungu