Nyali ya Bambo pa Chigafa

Achimwene,

Landirani moni kuchokera kuno ku Chulu. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ine ndi ana tilipo, koma bambo ali m'chipatala ku boma. Apsa manja ndi msana.

Mukudziwa kuti mutu wawo unabwerera ku chilumba chija cha ku Mozambiki, kumene ankayatsa nyali pansanja kuti sitima zapamadzi zisagunde miyala, mpaka makina anawalanda ntchito. Masiku ano dzuwa likamalowa amafunafuna pokwera poti aikepo nyali. Ndinkawabisira machesi, koma Lachiwiri ndinachedwa kuchigayo. Machesiwo anawapeza, n'kukwera pachigafa cha fodya ndi koloboyi, ndipo udzu wa padenga unagwira moto. Anthu anawatsitsa akukana, akukuwa kuti, "Musazimitse, muli anthu m'nyanjamo!" Nyanja iti kuno ku Kasungu, achimwene?

Fodya yense wapsa, yemwe uja ndinamuvutikira pamzere wa feteleza wa makuponi. Koma sindikulira fodya ayi. Chikundiwawa n'chakuti madzulo aliwonse bambo amandigwira dzanja n'kufunsa, "Wayatsa ndani lero?" Ndimawayankha kuti mwayatsa ndinu achimwene, ndipo akamva dzina lanu mtima umakhala pansi.

Mabulangete amene mumatumiza atikwana, musatumizenso. Bwerani inuyo. Adokotala asiya kundiyang'ana m'maso, ndipo ine ndatopa nako kunamiza munthu wamkulu. Mulungu akutsogolereni panjira, muwapeze akufunsabe.

Ndine mlongo wanu,
Nabanda