Sauna Imene Munakana Kulowa

Iisalmi, Novembala

Achimwene Iivari,

Kodi chiuno chanu chakumanzere chili bwino? Pepani ndayamba ndi funso moni ndisanapereke. Ndimaopa kuti ndikayamba ndi moni, pepala litha ndisanafunse.

Muli bwanji ku Canada kumeneko? Mukudya mokwanira? Kuno tonse tadzuka bwino. Amayi akugwirabe shifiti yam'mawa kunyumba yosamalirako okalamba, ababa akututabe mitengo pa lole yawo. Chisanu chayamba, nyanja yaundana m'mbalimbali, ndipo ndikamachoka kusukulu kumakhala kutada kale.

Musadabwe kuti ndalemba papepala. Pa foni mumangondiyankha ndi kachala koloza m'mwamba, komanso ndikudziwa kuti mapasiwedi anu onse amasunga ndi ababa. Pakamwa mukundidziwa, mawu amandithawa. Koma chaka chino ndaona kuti ndikagwira cholembera amabwera okha, ndiye mundipirire.

Tinamva kuti akutsitsirani ku timu yaing'ono. Kuyambira tsiku limenelo tauni yonse yasanduka makochi a hoke, masewero anu a pa ayeziwo. Anthu omwe aja anamata chithunzi chanu pawindo mu June, mutasankhidwa ndi timu ya ku Canada pakati pa anyamata oyambirira, lero aliyense ali ndi chifukwa chake choti simukugoletsa. Mayi Martta a pashopu akuti mukusowa kwanu, munthu sangathamange opanda buledi wakuda m'mimba. Abambo aja osalaza ayezi pabwalo lathu akuti mwana akatamandidwa asanamere ndevu amatupa mutu, awaona ambiri. Jooa wa m'kalasi mwathu anandikuwira pakati pa anthu pa nthawi ya chakudya kuti, "Hilla, ukawauze akulu ako kuti golo ndi kachitsulo kofiira kaja kali kumapeto kwa bwalo." Anthu anaseka. Ine ndinangoyang'ana mbatata m'mbale.

Ababa amayankha onse mofanana. Amati bwalo la kumeneko ndi lopapatiza, anthu ake ndi akuluakulu matupi, mwana azolowera. Inenso ndinkavomera zomwezo chifukwa ndinkafuna kuti zikhale zoona.

Koma m'mawa ndisanapite kusukulu ndimaonera masewero anu amene ajambulidwa, ndipo ine sindiyang'ana kampira, ndimayang'ana inu. Achimwene, masiku ano mumakhotera kumanja kokhakokha. Kampira kakathawira ku ngodya yakumanzere mumazungulira njira yaitali, mukafika anzanu atenga kale, wolengeza masewero nkumati ndi ulesi. Mukamatuluka kukapuma, anzanu onse amalumpha khoma la m'mbali, inu mumadzera pakachitseko ngati agogo. Inuyo, amene pa ayezi wa kuseri kwa nyumba munkandizungulira mbali zonse mpaka ndichite chizungulire ndigwe.

Nditaona zimenezo, zinthu zina zinayamba kundibwerera m'mutu, ndipo sizikundisiya.

Mukukumbuka Juhannus, chikondwerero cha pakati pa chilimwe, tili kukanyumba kathu ka kunyanja? Kunali kutatsala pang'ono kuti mupite kokasankhidwa. Ine ndi amene ndinakoleza moto wa sauna, kachipinda kathu kosambira ndi nthunzi, ndi kumanga timitolo ta nthambi tomenyera msana. Azimayi titatuluka inali nthawi ya amuna. Amalume a Rauno, matawulo paphewa, anakuitanani kuti tiye mphwanga, tikakuwotche komaliza asanakutenge a kutsidya kwa nyanja. Inu musanatsegule pakamwa, ababa anayankha ali iwo. Anati anthu a matimu aletsa kutentha thupi masiku amenewa.

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Anafunsa kuti alamu, sauna inayamba liti kupha mwana wa ku Finland, poti agogo athu anabadwira momwemo? Ababa sanaseke.

Amalume analowa ndi ana awo. Kenako anthu onse atapita kukawotcha masoseji, ndinaona inu ndi ababa mukulowa awiriwiri. Potuluka munali mutavala kale buluku, ndipo simunathamangire kukadumphira m'madzi. Chibadwire changa sindinakuonenipo mukutuluka mu sauna osadumphira m'nyanja, ngakhale madzi atazizira bwanji.

Tsiku lija ndinangoti mwina kutchuka kwakupatsani manyazi. Pano ndikuganiza zina. Mu sauna munthu sabisa kanthu, ndipo amalume ndi dokotala wa ziweto, malo obayidwa jakisoni amawadziwa ali patali. Kodi simumathawa maso awo?

Mawa lake mukutsikira m'boti, amalume anali pambuyo panu, ine ndili pambali pawo. Anayang'ana mmene munaponyera mwendo, nkunena motsitsa kuti hatchi yoyenda chonchi iwo sangagule. Ababa anamva. Anawauza kuti ayang'ane ng'ombe zawo, za ana a eni azisiye. Kuchokera pamenepo awiriwa amangopatsana moni wa pamsewu.

Palinso china. Miyezi ija madokotala a matimu asanakupimeni, inu ndi ababa munkapita ku Kuopio pafupipafupi, akuti kukanoletsa nsapato zanu zotsetserekera. Achimwene, makina onolera ali m'galaja mwathu. Ababa amanolera ana a tauni yonse, ndipo salola munthu wina kukhudza mpeni wa nsapato zanu. Ndiye ku Kuopio kumanoledwa chiyani? Pobwerera munkagona pampando wakumbuyo, ndipo tsiku lina nsapatozo munaziiwala pakhonde, ndinaziona zitapachikika pamsomali inu mutapita kale.

Sindinanene kwa munthu. Ndinkati mwina ndine wopusa, mwina ndikuwerenga mabuku ambiri.

Lamlungu lapitali ndinalimba mtima. Ababa anali m'galaja akunola nsapato za ana, ine ndinaima pakhomo nthawi yaitali ndithu mpaka anazimitsa makina nkundifunsa chimene ndikufuna. Ndinafunsa ngati chiuno chanu chimapweteka. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mbewa.

Sanati ayi. Anati, "Wakuuza ndani?"

Ndinati palibe, ndangoona. Anapukuta manja nthawi yaitali, kenako anayamba kulankhula ngati akulankhula ndi khoma. Anati aliyense wosewera hoke ali ndi pena pomupweteka, wopanda ululu ndi amene amakhala pabenchi. Anati iwo anamaliza chaka chathunthu ndi nthiti yothyoka osauza munthu. Anati matimu aja akangomva kanthu kakang'ono m'fupa amakudumpha, amatenga mwana wa wina, ndipo mwayi wotere subwera kawiri pakhomo limodzi. Pomaliza anandifunsa ngati ndikufuna kuti mubwerere kuno mudzayendetse lole ya mitengo ngati iwo. Ndisanayankhe anayatsanso makina.

Sindikunena kuti ababa ndi oipa. Ndikukumbuka ankadzuka kusanache chisanu chili tho kukathira madzi kuseri kwa nyumba kuti inu mupeze ayezi wosalala. Koma ndikukayikira kuti chimene anabisa mu June akubisabe, ndipo inu mukuwathandiza chifukwa simufuna kuwakhumudwitsa. Ndikukayikiranso ejenti wanu wokambirana ndi matimu uja, wovala jekete lopyapyala, amene amalankhula ndi ababa m'galimoto osalowa m'nyumba kudzamwa khofi. Munthu wokana khofi wa amayi ine sindimukhulupirira.

Dzulo pochokera kusukulu ndinadzera kuntchito kwa amalume. Ndinawapeza akutsuka zida zawo. Sindinathe kutchula dzina lanu, ndiye ndinafunsa za hatchi. Ndinati hatchi ikavulala m'chiuno, mwini wake nkumaibaya mankhwala opha ululu kuti izithamangabe, chimachitika ndi chiyani?

Anatseka mpope. Anati ululu ndi mlonda, ukamupha mbala zimalowa masana. Fupa limakhulana ndi linzake mpaka kudyeka, ndipo ikafika nthawi yoti jakisoni sakugwiranso, nkhani imakhala itachoka pa kuthamanga, yafika pa kuyenda. Anati zikadziwika msanga amakonza, nyama nkupuma chaka, nkudzathamanganso. Zikachedwa palibe dokotala amene angabwezeretse.

Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, nkufunsa kuti, "Hatchi imeneyi, ili ndi amayi ake?"

Ndinati ili nawo.

Anati basi, nkutsegulanso mpope.

Achimwene, chonde, pitani kwa dokotala wa timu yanu mukamuuze zonse, kuyambira za ku Kuopio. Ndikudziwa mukuopa kuti akwiya, anena kuti munawanamiza, nyuzipepala zilemba. Zilembe. Panopa akulemba kuti ndinu waulesi komanso kuti anakusankhani molakwitsa, ndipo inu mwangokhala chete kulandira dzina limene si lanu. Muli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zokha. Chaka chimodzi chopuma si imfa. Ine sindisamala kaya mugoletsa kaya simugoletsa. Ndikufuna mukadzafika zaka za ababa muzitha kutsika masitepe nokha.

Ngati ndalakwitsa, ngati chiuno chili bwino ndipo ndangolota, musandiyankhe ndi kachala. Mundijambulire kavidiyo mukulumpha khoma lija ndi kukhotera kumanzere, ndidzapepesa kwa inu ndi kwa ababa pamaso pa aliyense. Koma mtima wanga ukudziwa kuti kavidiyo kameneko sikabwera.

Mukapita ku Thunder Bay mukandiperekere moni kwa azakhali a Sirkka ndi ana awo. Mupereke moni kwa banja limene mukukhala nalo, muwathokoze pokusungani. Mulungu akusungeni ndipo akupatseni mtima wolankhula, popeza m'banja mwathu muno tonse tinabadwa ndi pakamwa polemera.

Ndilekere pano. Ndamva galimoto ya amayi ikulowa pampanda, ndipo ababa sabwera mpaka madzulo. Amayi sakudziwa kalikonse, dzulo lomweli amandifunsa ngati tikutumizireni masokosi ena. Ndathira khofi m'makapu awiri, ndikukawauza zonse zimene ndalemba muno. Sindikupempha chilolezo, ndikungofuna mumve kwa ine chifukwa chake, ngakhale atakuimbirani kalatayi isanafike. Mukakwiya, kwiyani, bola mudzandikalipire mutaima pa miyendo yanu iwiri.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Hilla