Mpweya Wochepa, Ketty M'nyumba

Lachisanu, 8 Juni 1990

Wodi ya azimayi, bedi la pawindo. Tsiku lachitatu chichitireni opaleshoni. Chiberekero chapita pamodzi ndi zotupa zake. Zaka khumi ndi chimodzi m'banja, mwana ayi. Tsopano ngakhale choyembekezera palibe.

Chilonda kuchokera pamchombo kutsika. Koma chondizunza ndi kupuma. Ndikakoka mpweya wambiri, ulusi ngati uduka. Ndiye ndikungopumira pamwamba, pang'onopang'ono, ngati kamwana ka mbalame.

Sisita Mukupa, nesi wamkulu muno, andipatsa botolo la madzi ndi kapaipi. Ndiziuzira mpaka madzi achite thovu, kakhumi pa ola. "Ba Maud, mukaopa kukhosomola, chifuwa chizatseka." Ndauzira kawiri. Thovu pang'ono, misozi yambiri.

A Enos, amuna anga, abwera masana ndi Ketty, mng'ono wanga. Wafika dzana kuchokera ku Katete kudzasamala nyumba. Ndinamuitana ndine. Wavala chitenje changa cha maluwa achikasu, akuti chake sichinaume. Shati ya amuna anga yositidwa, mzere wa pamkono wakuthwa ngati mpeni. Ine sindisita choncho.

Lamulungu, 10 Juni

Thupi moto. Adokotala amvetsera kumsana nthawi yaitali. Akuti kunsi kwa papo lakumanja kwafota, mpweya sukufikako. Makhololo atseka njira chifukwa chogona chagada ndi kupuma mwamantha. Mankhwala ake muno mulibe. Kapepala basi, akagule m'tauni. Nkhope ya a Enos poona kapepalako.

Bedi loyandikana nalo, Bana Musonda a ku Matero. Opaleshoni tsiku limodzi ndi ine. Iwo ayamba kale kuyenda okha mpaka kubafa, botolo lawo likuwira ngati lili pamoto. Ana asanu kuzungulira bedi, kulimbirana kuwadyetsa nthochi. Ndinatembenukira kuwindo.

Amayi a kwaya adzera kuno pochokera kutchalitchi. Zaka zisanu ndi zitatu woyambitsa nyimbo ndine. Lero wayambitsa Ketty. Lamulungu lake loyamba mu Lusaka! "Mawu ni yanu yeniyeni, ba Maud, koma iye akoka patali osapuma," atero ba Ida. Amayesa akundisangalatsa.

Lachisanu, 15 Juni

Masiku anayi osagwira cholembera. Chibayo.

Ndikukumbukira zochepa. Silinda ya mpweya imodzi wodi yonse, kudikirana. Jakisoni. Sisita Mukupa kundikhazika tsonga mokakamiza, kundimenya kumsana ndi manja opinda ngati chikho. Ndi kuseka. Pakhonde, kuseri kwa windo langa, a Enos ndi Ketty. Ankayesa ndagona. A Enos sanasekepo choncho chiyambire fakitale kuwadulira masiku. Tsopano amagwira atatu pa sabata. Anayi otsalawo ali kunyumba. Kunyumba kuli ndani?

Ndinafuna kuitana. Mpweya sunakwane.

Bana Musonda anatuluka Lachiwiri, akuyenda okha, mwana wamkulu atanyamula chikwama.

Lachitatu, 20 Juni

Kwathu ku Mtendere. Zipinda ziwiri zomwe zija, koma ngati kwa eni. Mchere wasamukira pashelefu ina. Makapu ozondotsa. Pabenchi langa kumsika, logulitsira tinsomba ta kapenta, pakukhala Ketty. Akuti makasitomala amuzolowera kale. Thumba limene ine limanditengera sabata ziwiri, iye masiku asanu, chaka chino chimene aliyense akugula ka pambale kakang'ono.

Adokotala andiletsa utsi, ndiye mbaula ili panja. Juni, mphepo. Iwo awiri kuwotha moto, ine m'kati ndi bulangeti ndi botolo langa. Ndimamva supuni. Ndimamva "onjezerani, alamu."

Katatu patsiku Ketty amalowa. Kundigoneka chammbali, kundimenya kumsana monga anamuphunzitsira Sisita, kenako kukanikiza pilo pachilonda kuti ndikhosomole. Makhololo sanyansidwa nawo. Manja ofunda, amphamvu. Zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Akanangolakwitsako kamodzi.

Loweruka, 23 Juni

Kwabwera ba Anna a ku Lilanda, azakhali awo a Enos. Kwa ine mphindi zisanu: "Mulungu ndiye adziwa, mwana wanga." Panja ola lathunthu. Chitseko chinali chotsekula pang'ono. Ndinawaona akumuyang'ana Ketty kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga munthu ayang'anira mbuzi asanagule. Kenako mawu anatsika. Ndinagwira mpweya kuti ndimve. Chifuwa chinandiulula. Kukhosomola, onse zii.

Ndinatolako mawu atatu okha: "magazi ni amodzi."

Atapita ndauza a Enos kuti Ketty abwerere kumudzi, amayi ali okha. Mawu ochepa amenewo ndapumira katatu. Iwo: "Nanga azakumenya pamsana ndani?" Maso ali pa tcheni cha njinga.

Ketty akutsuka mbale, akuimba chapansipansi. Nyimbo yanga ya Pasaka. Vesi lonse mpweya umodzi. Ndinayesa kumutsatira m'kamwa mokha. Mzere woyamba sindinaumalize.

Lachiwiri, 26 Juni



Mtengo wa ufa wakwera koposa kawiri, tauni yaphulika. Kuyambira dzulo phokoso, kuthamanga, mashopu kuswedwa. Maminibasi kulibe. A Enos anapita m'mawa kukaona ngati fakitale yatsekula. Masana matayala kuyaka kumsewu. Utsi wakuda kulowa pansi pa malata, pamodzi ndi wina woyabwa m'maso. Chifuwa gwa! Kukoka, osalowa kanthu.

Ketty anafika akuthamanga, kapenta atamusiya kumsika. Anavula chitenje changa chija, kuchiviika mu ndowa, kufuna kundiphimba kumaso. Ndinachikankha. Ndinakuwa. Mpweya wake sindikudziwa unachokera kuti. Ndinati watenga chitenje, watenga nyimbo, watenga benchi, bedi lokha dikira ndife kaye.

Kenako chifuwa chachikulu. Ulusi ndinauiwala, pilo ndinamuiwala. Chinatuluka chimakhololo chobiriwira, chouma ngati phala la dzulo. Ndipo mpweya unalowa. Mpaka pansi, kumene sunafike chichitireni opaleshoni. Wozizira, wopweteka, wonunkha tayala. Ndinaukoka ngati madzi.

Ketty anapukuta kaye pansi. Anandifunda chitenje chonyowacho, sindinakanenso. Ndiye anati: "Ba sisi, ba Anna anandifunsadi. Akuti ndikhale, ndiwaberekere alamu mwana, mwanayo akhale wanu. Ndinakana pomwepo. Chikwama ndinamanga Loweruka lomwelo. Ndatsalira chifuwa chanucho."

Ndinafunsa kuti nanga a Enos anati chiyani.

"Analipo. Sanayankhule."

Lachinayi, 28 Juni

Asilikali mumsewu. Msika wotseka. Kapenta amene anasiyidwa uja anapita ndi anthu. A Enos sanadandaule. Ine ndiye ndinatayitsa.

Ketty akundimenyabe kumsana katatu patsiku. Osachepetsa, osawonjeza. Sitikambirana. Chitenje wachapa, wapinda, waika pa sutikesi yanga. Wabwerera ku diresi lake limodzi lija. Alamu ake akalowa, iye amatuluka. Akakhala pambaula, iye amapita kumpopi. Zakhala choncho kuyambira Loweruka. Ine sindinaone. Makutu anali pa supuni.

Manyazi. Ndinamubereka kumsana mwana ameneyu, amayi ali kudimba. Koma nsanje sinathe, yangosowa pokhala. Ndikamuona akubwera ndi ndowa ziwiri osapumira panjira, mimba yake yosang'ambidwa, chinachake chimandilumabe m'kati. Sanalakwe kanthu. N'chimene chikuwawa.

Botolo lero lawira. Kakhumi, konse. Panalibe womuuza.

Lolemba, 2 Julayi

Kukiliniki wapansi, kupumira kawiri kokha panjira. Akuti papo lafutukuka, phokoso la m'chifuwa latha. Botolo ndipitirize sabata ina, ndiziyenda m'mawa uliwonse, utsi ayi.

Ketty wapeza malo pa basi ya Lachitatu. Ndinayamba kupepesa. Anandidula: "Sungani mpweya, ba sisi. Muufuna."

A Enos masiku onsewa aulemu ngati mlendo. Madzi osamba kunditengera. Dzulo malalanje awiri, osenda kale. Kodi akudziwa kuti ndikudziwa? Mwina anachita mantha ndi azakhali awo. Mwina ankadikira amve Ketty ayankha chiyani. Zaka khumi ndi chimodzi, sindikutha kusiyanitsa.

Sabata yatha sindikanatha kuwafunsa chifukwa chimene sanakanire. Funso likanaduka pakati, iwo n'kuthawira ku "pumula, Maud, pumula." Lero ndaliyesa ndekha m'chipinda, mokweza, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Latuluka lonse, osapumira.

Ketty ndamutuma kwa ba Ida, asafulumire kubwera. Njinga ya a Enos ndi iyo, akuitsamiritsa kukhoma. Aima pakhomo. Akupukuta nsapato nthawi yaitali kuposa—