Pampu yatsopano ili m'katoni, amuna anga sakudziwa

Aphungu,

Tsamba lanu lino ndinayamba kuliwerenga ndili mbeta, ndikumaseka anzanga odandaula za amuna a mowa ndi apongozi olowerera. Lero ndagwa ine, ndipo nkhani yanga ndi ya pampu ya petulo. Musafulumire kuseka.

Ndili pabanja zaka zinayi. Amuna anga ndi mphunzitsi wa masamu kusekondale, munthu wofatsa, wosamwa, woti akaona nyerere panjira amailambalala. Koma akangogwira chiwongolero amasanduka munthu wina. Ali ndi kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri kamene anagula tisanakwatirane, ndipo chigulireni sanakasiyepo mmene akampani anakapangira. Anaikamo tabo yaikulu, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini. Anasintha ekizozi, moti akaliza m'mawa agalu a mzere wathu wonse amayankha. Anakatsitsa mpaka tikafika pahampu ine ndimachita kutsika kuti kadutse kopepuka. Kenaka anapita nako kwa munthu wina wa laputopu amene anainong'oneza kompyuta ya injini kuti izitulutsa mphamvu zoposa zimene inabadwa nazo. Loweruka lililonse amakumana ndi anzawo odwala matenda omwewa pabwalo lakale la ndege, kukatsegulirana maboneti ndi kupikisana. Kumeneko palibe amawatchula aphunzitsi. Amawatcha Mphenzi. Ndikadandaula, anzanga amangondiuza kuti wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima.

Amene amawapangira zonsezi ndi achimwene anga. Iwo ndi makaniko, ndipo galaja yawo ili kuseri kwa shopu ya matayala. Anthu awiriwa amakondana kuposa mmene aliyense wa iwo amandikondera ine. Ndipotu amuna angawa ndinawapeza komweko: ndinapita kukasiya makiyi a kunyumba, ndinaponda mwendo wa munthu umene unatulukira pansi pa galimoto yofiira, ndinapepesa, basi ukwati.

Miyezi itatu yapitayo ndikuchapa, ndinapeza envelopu yopindidwa kanayi m'thumba la jekete lawo. Mukudziwa mmene mtima wa mkazi umathamangira. Ndinakhala kaye pansi, ndinapemphera, kenaka ndinaitsegula misozi ili chire. Inali kalata ya kampani yopanga galimotoyo. Inkanena kuti magalimoto ena a chaka chimenecho anatuluka ndi pampu ya petulo yolakwika: kapulasitiki kozungulira m'kati mwake kamafufuma n'kugwira, ndipo injini ikhoza kuzima galimoto ili paliwiro. Eni ake ankapemphedwa kupita nayo kwa ogulitsa magalimoto a kampaniyo kuti akaikemo pampu ina mwaulere.

Nditawafunsa, anaseka. Anati kalatayo ndi ya anthu oyendetsa galimoto ngati ngolo. Yawo pampu yakale inachoka kalekale, chifukwa anaitanitsa yaikulu pa intaneti, yopopa ngati payipi ya ozimitsa moto, ndipo alamu awo anaiika. Anatinso sangayerekeze kupita kwa akampani, poti akangotsegula boneti adzagwa chagada n'kuwalemba m'buku la anthu oononga magalimoto. Ine ndinakhulupirira. Munthu wa masamu ukamutsutsa amakujambulira pabolodi.

Lamlungu lapitali masana tinkachokera kokatenga apongozi anga aakazi. Abwera kudzakhala nafe chifukwa ndili woyembekezera, kwatsala masabata asanu. Iwo anali pampando wakumbuyo atadzipinda ngati mpeni, maondo ali pachibwano, chikwama chili pachifuwa. Pachitunda china tinapeza lole ya simenti ikukwawa, ndipo amuna anga anakhotera kumanja kuti aipitirire. Tili pambali pa loleyo, pakati penipeni, galimoto inakhosomola kawiri n'kuzima. Phokoso lonse lija, zii. Kutsogolo kunkabwera basi ikuthwanitsa magetsi. Amuna anga anaponda buleki, lole inatsogola, iwo n'kukhotera kumbuyo kwake chiwongolero chitauma gwa, ndipo basiyo inatidutsa pafupi moti mphepo yake inatigwedeza. Tinaima m'mbali mwa msewu. Kenaka apongozi anafunsa mwaulemu ngati pafupi pamenepo panali chimbudzi.

Patapita mphindi khumi galimoto inalira ngati palibe chachitika. Amuna anga anati ndi petulo wamadzi amene anathira dzulo lake. Koma mpaka kunyumba anaiyendetsa ngati ngolo, ndinawaona.

Lolemba iwo ali kusukulu, ndinapita ndekha kugalaja. Ndinapeza achimwene akumwa tiyi atatsamira galimoto ya kasitomala, ndipo ndinawafotokozera zonse, kuyambira kalata mpaka basi. Anaika kapu pansi. Anatenga kansanza n'kumapukuta manja nthawi yaitali, manja oyera kale. Kenaka ananditengera kumashelefu a kumapeto, anasuntha zigubu za oyilo, n'kutulutsa katoni. M'katimo munali pampu yatsopano, ikadali m'pulasitiki wake.

Aphungu, sanaiike. Akuti tsiku limene ankafuna kuiika, atatsegula thanki anapeza kuti pampu yaikuluyo sikukwana m'chikhalo chake, pulagi ya magetsi ndi yosiyana, ndipo ikufuna zipangizo zina ndi waya wokhuthala zomwe analibe. Linali Lachisanu, mpikisano unali mawa lake, ndipo amuna anga anali ataima kumsana kwawo akufunsa mphindi zisanu zilizonse ngati yatheka. Achimwene anangobwezeramo yakale ija, anatseka, n'kunena kuti yatheka, akuganiza kuti adzaikonza bwino sabata yotsatira. Tsoka lake, Loweruka limenelo amuna anga anapambana. Anakwera pabenchi n'kulengeza pamaso pa gulu lonse kuti ndi pampu ya alamu awo. Pamenepo achimwene akanayambira pati? Papita miyezi isanu ndi itatu. Za kalata ya kampani sankadziwa n'komwe, poti amuna anga sanawaonetse. Atamva anakhala patayala ngati wawamenya ndi sipanala.

Mawu awo anali akuti: "Mlongo wanga, ndipatseni masabata awiri zipangizo zifike. Ndiwauza kuti abweretse galimoto tidzasinthe oyilo, ine ndiika pampuyo mwakachetechete. Chonde asadziwe. Akadziwa, anzawo onse a Loweruka andithawa, ndipo ndi anthu amenewo amandidyetsa."

Ndinavomera ndi mutu, koma chichokereni kumeneko chakudya sichikulowa. Amuna anga akuyendabe nayo tsiku lililonse, ngakhale popita kusukulu yapafupiyi. Loweruka likubwerali kuli mpikisano. Choipa kwambiri, ayeserera kale njira ya kuchipatala ndi wotchi m'manja, akuti mphindi khumi ndi imodzi, ndipo alumbira kuti mwana wawo woyamba adzabwera kunyumba m'galimoto yofiira. Apongozi anena poyera kuti iwo adzalondola wapansi.

Achimwenewa ndi amene anandilera makolo athu atamwalira. Ndikaulula, ndawachotsa nyama pakamwa ndipo ndaphwanya chinansi cha anthu awiri amene ndimawakonda. Ndikapanda kuulula, mtima wanga umakhala m'mwamba nthawi iliyonse imene ndamva ekizozi ija ikutuluka pageti. Ndingobisa makiyi? Kodi kalata ya kampaniyo ingagwirebe ntchito pa galimoto yosinthidwa chonchi? Nanga achimwene akaika pampuyo mobisa, nkhani yatha? Ndithandizeni.

N.C., kuseri kwa sekondale

Mayi N.C.,

Ndaseka, pepani, makamaka pa funso la apongozi anu. Koma nditawerenganso za basi ija chiseko chinandithera. M'kagalimotoko munali anthu anayi, kuwerengera amene sanabadweyo, ndipo m'basimo munali ana a eni ake amene sadziwa n'komwe kuti tabo n'chiyani.

Galimotoyo iime lero. Osati pakatha masabata awiri, osati mpikisano ukadutsa. Pampu imene yazimitsa injini kamodzi yakupatsani kale moni, ndipo sidzakutumizirani kalata tsiku limene idzabwereze. Koma makiyi musabise. Munthu wokonda galimoto chonchi ali ndi kiyi wina m'sokisi, ndipo banja lanu lili kale ndi obisa zinthu awiri, silikufuna wachitatu. Taonani: amuna anu anabisa kalata, achimwene anu anabisa katoni. Aliyense anali ndi theka la nkhani, ndipo akanangoonetsana bwenzi inu musanandilembere. Amene muli ndi nkhani yonse ndinu nokha.

Pitani kugalaja muwauze achimwene kuti ali ndi tsiku limodzi loti abwere kunyumba kwanu katoniyo ili m'manja, akanene okha. Akazengereza, katoniyo mudzanyamule ndinu. Amati mbewa yamanyazi inafera kuuna, koma pano mbewa yamanyazi ili bwinobwino kugalaja ikumwa tiyi, woti akafere kuunako ndi mlongo wake. Anakulerani, inde, ndipo sanakulereni kuti mudzathere pansi pa basi. Nzeru yawo yoika pampu mwakachetechete ikaneni. Munthu amene analakwitsa ntchito chifukwa chofulumira, mukufuna aibwereze akufulumira komanso akuyang'ana kukhomo?

Palinso chifukwa china chimene amuna anu ayenera kudziwira. Injini yowonjezeredwa mphamvu imamwa petulo wambiri. Ikamapatsidwa wochepa imatentha m'kati, ndipo mapisitoni, zitsulo za m'katimo, amatha kupsa. Yawoyo yathamanga miyezi isanu ndi itatu ikuyamwa pa pampu yaing'ono, yodwala kale. Ikufunika kuyezedwa, ndipo simungayeze injini ya munthu mwini wake akuganiza kuti mukusintha oyilo.

Za kalata ija, imbirani ogulitsa magalimoto a kampaniyo, muwapatse nambala ya chasisi imene ili pamapepala a galimoto, atsimikize kuti yanuyo ili m'gulu loitanidwa. Auzeni chilungamo kuti galimotoyo inasinthidwa. Kawirikawiri chipangizo choopsa chotere amachisintha ndithu mwaulere ngati chikadali chawo chomwe, ndipo chanucho chikadali chawo, tithokoze ulesi wa achimwene. Chitsimikizo chakuti kampani idzakonza injini yonse ikaonongeka ndi nkhani ina, mwina chinauluka tsiku la laputopu lija, funsani mumve. Buku la anthu oononga magalimoto kulibe, ndipo amakaniko a kumeneko aona maboneti oopsa kuposa amenewa. Galimotoyo ipite itanyamulidwa kapena kukokedwa, osati ikudziyendera.

Musaganize kuti ikatuluka kumeneko ndiye yakonzekera mpikisano. Pampu imene adzaike ndi ya injini wamba. Amuna anu adzasankhe chimodzi: kubwezera kompyuta mmene inalili, kapena kuika pampu yaikuluyo mwadongosolo, ndi chikhalo chokwana, waya woyenera, fyuzi, sefa yatsopano, kenaka kuyeza mphamvu ya petulo ndi geji injini ikugwira ntchito, osati kuyeza ndi khutu. Aonetsetsenso kuti pampu ya pa intanetiyo si yachinyengo, poti katoni yokongola amasindikiza aliyense. A inshuwalansi nawonso adziwe zimene zili pansi pa bonetiyo, asadzazimvere kwa apolisi.

Za ulendo wa kuchipatala, pezani lero lomwe galimoto ya zitseko zinayi, ya mnansi kapena takisi yodalirika, ndipo manambala awiri a foni muwamate pachitseko. Mwana sasankha mtundu wa galimoto. Mphindi khumi ndi imodzi zija akazilembe pabolodi ana asukulu awerengetsere.

Nkhani ya katoni ikambidwe m'nyumba, osati pabwalo la ndege. Apongozi anu akhalepo, ndi mboni yoona ndi maso ndipo ndikukhulupirira kuti ali ndi mawu amene akhala akusunga chichokereni pachitunda paja. Amuna anu adzapsa mtima, ndipo ali ndi chifukwa. Asiyeni atulutse utsi wonse. Akayamba kukwera kwambiri, ikani kalata yopindidwa kanayi ija patebulo pambali pa katoni, kuti aliyense aone mlandu wake. Ngati adzauze anzawo a Loweruka kapena ayi, zimenezo n'zawo. Makaniko wovomera kulakwa amataya makasitomala awiri atatu. Makaniko amene galimoto yake yapha mayi woyembekezera amatseka galaja.

Ndikuchenjezeni ziwiri. Thanki ikatsegulidwa, inu mukhale kutali: mpweya wa petulo si wa munthu wapathupi, ndipo pamalopo pasapezeke wosuta fodya. Chachiwiri, amuna awiri ochita manyazi amatha kugwirizana mwadzidzidzi n'kukuuzani kuti akazi sadziwa za magalimoto. Akatero musakangane nawo, tengani foni muimbire akampani iwo akumva.

Mwina alamu awiriwa sayankhulana mwezi wathunthu, ndipo mwina onse awiri adzakukwiyirani. Pirirani. Anthu osayankhulana amadzayankhulana. Amene sayankhulanso ndi amene mwawaperekeza kumanda.

Phungu wanu