Mafuta a makwinya ochokera ku Mutare

3 Okutobala, Lachinayi
Kombi, minibasi yathu ija, yabweretsa kaphukusi kochokera kwa Sheba, mwana wanga wa ku Mutare. Ndimati shuga. Ayi, kabotolo kakang'ono ngati chala. Pafoni akuti ndi mafuta a vitamini A, ochotsa makwinya. "Amai, muzidzola mpaka tsiku la ukwati. Kwawo kwa Tonderai ndi anthu a m'tauni."
Ukwati wa mdzukulu wanga Danai ndi Tonderaiyo, pa 26. Afulumira chifukwa Ashona sakwatitsa mu Novembala.
Danaiyo ndinamulera ine, amake, Sheba yemweyu, ali kutauni. Ndinkamugoneka pamthunzi ine ndikuthyola tiyi. Lero nkhope yanga ndiyo yavuta.
Kapepala ka m'bokosi Chingerezi chokhachokha, tizilembo ngati nyerere. Ndayatsira moto.

7 Okutobala, Lolemba
Ndikudzola m'mawa uliwonse ndisanatsikire kumunda wanga wa tiyi. Zaka 41 ku esiteti tinkatero. Mafuta ambiri kumaso, mpango kumutu, dengu kumsana. Mafuta ndi oteteza kudzuwa, aliyense wothyola tiyi akudziwa. Ndiye ndikupaka ndithu, osaumira. Kabotolo kafika kale pakati.
Kutentha kwa kuno kuchigwa cha Honde mwezi uno, ngakhale mbuzi sizikutuluka pamthunzi. Masamba ochepa, dengu silikudzaza.
Kumaso kukuyabwa. Mwina ndiye kugwira ntchitoko.

11 Okutobala, Lachisanu
Moto. Masaya ngati ndatikita tsabola. Khungu likusendeka ngati mbatata yophika. Madzi okha kukhudza, misozi. Makwinya onse ali pomwepo, palibe ndi limodzi lomwe lasamuka.
Sheba sakuyankha foni.

13 Okutobala, Lamulungu
Kutchalitchi. Bola ndikanakhala pakhomo. Miriamu, mnzanga amene tinakalamba naye mumzere umodzi wa tiyi, wandiyang'ana n'kufuula pagulu: "Amake a Sheba, pamsinkhu uno mukufuna kuyera? Mwapeza mdala kumsika wa ku Hauna eti?" Azimayi onse kuseka mpaka kugwirana. Abusa alalikira za akazi odzipenta kumaso. Dzina sanatchule. Atchulirenji, maso onse anali pa ine.
Wamasiye zaka khumi ndi ziwiri. Paudala sindinadzolepo chibadwire.

16 Okutobala, Lachitatu
Kuchipatala. Nesi wafunsa mmene ndimadzolera. Nditamuuza wagwira pakamwa. Akuti si mafuta oyeretsa khungu ayi. Amathamangitsa khungu lakale kuti latsopano lituluke, ndipo latsopanolo n'lanthete, dzuwa limaliwotcha msanga. Kudzola kwake pogona pokha, kadontho ngati nandolo imodzi, poyamba kawiri pa sabata. Ine chikhatho chodzaza, tsiku ndi tsiku, kenako padzuwa mpaka masana.
Ndafunsa, nanga makwinya? Akuti timizere tating'ono timachepa pakatha miyezi itatu, mwina isanu ndi umodzi. Akuya awa a pamphumi ayi. "Mbuya, awa ndi a dzuwa la zaka zambiri, kabotolo sikangawathe."
Wati ndisiye, ndizipaka mafuta wamba, ndizivala chipewa. Mawanga akudawa atha kukhala miyezi.
Miyezi. Kwatsala masiku khumi.
Kaya Sheba ankadziwa. Kaya anangoona nkhope ya mtsikana pabokosi paja.

24 Okutobala, Lachinayi
Sheba wafika. Kungondiona, chikwama pansi. "Amai, mwadzichita chiyani? Simunawerenge?"
Ndinalekezera Sitandade 3, akudziwa bwino. Ndinathyola masamba kuti iyeyo awerenge Chingerezicho. Ndangotola chikwama chake n'kulowetsa m'nyumba.
Akuti Loweruka ndikathandize ophika kuseri. Kutsogolo kulibe mthunzi, anesi analetsa dzuwa. Lero mwana wanga wadziwa kuti dzuwa limandiwotcha.
Diresi langa la buluu ndinasita kale sabata yatha. Ndalibwezera m'sutikesi.

27 Okutobala, Lamulungu
Dzulo ndinali kuseri, kusenda anyezi ndi Miriamu. Nyimbo ndimangozimvera kukhoma. Nthawi yojambula, Danai anabwera yekha, diresi loyera likukokeka m'phulusa. "Gogo, simukai. Popanda inu sindijambulitsa." Amake kumugwira mkono, iye osatembenuka n'komwe. Anandikoka mpaka kutsogolo ndi chitenje changa chonunkha utsi, n'kugunditsa tsaya lake pa langa losendekali. Amake a Tonderai anandiombera m'manja mwaulemu, n'kundiyika pampando. Palibe anakomoka.
Ndinalira. Misozi kuwawa pazilonda. Ndinaisiya iwawe.

30 Okutobala, Lachitatu
Sheba watumiza chithunzi pafoni ya Miriamu, yanga ndi ya mabatani. Danai alipo. Tonderai alipo. Pakati pawo mayi wina wosalala ngati dzira, wavala mpango wanga. Mawanga palibe. Makwinya palibe. Akuti foni imakonza yokha, anangodutsitsa chala.
Miriamu wayang'ana nthawi yaitali. "Uyu ndani?" Ulendo uno sanaseke.
Ndapempha chenicheni chija, cha tsaya ndi tsaya. Sheba akuti anafufuta.
Kuphiri kwachita mitambo. Mvula ikagwa, tiyi aphuka. Mawa kumunda, ndi nkhope yanga yomweyi.