Chitseko chokhomera kunja

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Dudley tili bwino, msana uja wayamba kuleka.

Paja Loweruka ndimadzipereka kukachezera kamtsikana kamene boma linachotsa kwa makolo ankhanza n'kukapereka kwa mayi wina wolera. Mayiyo amandilandira ndi tiyi, koma mtima wanga sukhazikika. Mwanayo ndikamufunsa kanthu, amayamba wayang'ana mayiyo, ndipo oyankha amakhala iwo.

Sabata yatha ndikupita kuchimbudzi, ndinaona kuti chitseko cha chipinda cha mwanayo chili ndi loko kunja. Nditafunsa, mayiyo anaseka. "N'chifukwa cha mphaka." Mphaka m'nyumbamo sindinamuonepo.

Tsiku lomwelo tili m'basi awiri popita kokayenda, mwanayo anandinong'oneza m'Chingerezi, "Anti, mukanena, andipititsa kuti?" Ndinamuuza kuti sindikudziwa, koma zimenezi sindingabise.

Lolemba ndinakauza wa boma woyang'anira nkhani ya mwanayo. Wati afufuza, koma iye ndi mayiyo amachezerana ngati pachibale. Ndiye ndakauzanso abwana a wa bomayo.

Mupempherereni mwanayu, achemwali. Loweruka ndipitanso, kaya anditsegulira kaya ayi.

Mundiperekere moni kwa amayi. Ambuye akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Tiyamike